Ukakhale Kutsogolo m'Kalasi mwa Mayi Nkhoma

Zainabu mwana wanga,

Asalamu aleikumu. Kalatayi ndapatsira a Jafali a njinga ya nsomba, poti adutsa kwa Mwadzama masana ano. Uiwerenge uli wekha. Malume ako akati uwawerengere mokweza, unene kuti ndi zachizimayi, asiya okha.

Ndikudziwa chimene wathawira kumeneko. Unandiuza kuti ukukathandiza kupuntha mpunga, koma mpunga wa malume ako a Sumaili unalowa m'matumba kalekale, ine ndinadyako kale. Zoona zake ndi izi: basi ya ku Lilongwe inyamuka mawa m'mawa, kosi ya uphungu imene unakhoza mayeso ake iyamba Lolemba, ndipo iwe wati supita chifukwa wamva kuti mmodzi mwa aphunzitsi akuluakulu kumeneko ndi Mayi Nkhoma, namwino amene anaulula za magazi a mayi ako. Ndalemba mosabisa chonchi dala. M'banja mwathu muno timakonda kuzungulira nkhani ngati mbuzi yapachingwe, ine ndatopa nako.

Usayembekezere miyambi kwa ine. Sindine nkhalamba. Ndinakubereka kumsana ndili mtsikana wa ku pulayimale, ndipo kupita kumsika anthu amatiyesa munthu ndi mkulu wake. Koma Asiyatu anali mkulu wanga wa bere limodzi, ndiye ndine mayi ako, ufune usafune. Ndikulankhula ngati mayi. Upite kukosi. Ndikubwerezanso: upite.

Unali Fomu 1 pamene zinkachitika, ndipo zambiri unangozitola m'kamwa mwa anthu. Lero uzimve bwinobwino. Kuno kwathu nkhani yolemera sapatsa mwini wake. Kaya ndi maliro, kaya ngozi yapanyanja, kaya matenda oti sachira, amaitana mwinimbumba kapena ankhoswe, iwowo ndi amene amaisenza n'kukaitula pang'onopang'ono. Timati ndi ulemu, ndipo pamaliro ndi ulemu ndithu. Mayi Nkhoma anakulira mwambo womwewo. Nthawi imeneyo anali namwino wa azamba chabe, za uphungu anali asanaphunzireko ngakhale tsiku limodzi. Anangowauza kuti kuyambira lero muziuza anthu zotsatira za magazi, poti ndinu aakulu pano. Zotsatira za mayi ako zitabwera, sanaitane mayi ako. Anatumiza uthenga kwa a Sumaili monga mwinimbumba, anawapatsa mpando, anawauza mwaulemu wonse. Malume ako nawo anatsata mwambo, anakauza ankhoswe akuchimuna. Ankhoswe anauza akazi awo. Palibe ngakhale mmodzi amene ankaganiza kuti akuchita nkhanza.

Mayi ako ankagulitsa mandasi padoko. Anthu anangoyamba kumudutsa. Iye osadziwa kanthu, anaganiza kuti mafuta ndi amene avunda, anataya onse n'kugula ena. Anasintha ufa. Anawonjezera shuga. Ankandilembera ku koleji kuti dzanja lake latha, mandasi sakukomanso. Anadzamva pamapeto pa aliyense, kwa mayi wina wogula usipa amene anamugwira phewa n'kunena kuti, "Pepanitu nazo, tamva." Matenda anamutenga pambuyo pake, koma kutuluka m'nyumba anasiyira tsiku limenelo. Ndiye ukati mtima wako sukufuna kuona nkhope ya Mayi Nkhoma, usaganize kuti sindikumva. Ndikumva kuposa mmene ukuganizira.

Ine nditabwera kutchuthi, malume ako anandichingamira panjira n'kundiuza ndisanafike pakhomo. Ukudziwa chimene ndinachita? Ndinagwada, ndinathokoza kuti andidziwitsa. Mwana wa pa yunivesite wathunthu, osafunsa n'komwe kuti kodi mwini wakeyo akudziwa? Masiku amenewo tinali anthu osafunsa. Ku koleji tinali ndi mphunzitsi wina amene ankatiwerengera manotsi achikasu, akale kuposa ifeyo, ndipo tsiku lina anadumpha tsamba lonse osazindikira. Tonse tinaona. Tonse tinalemba mmene ananenera, chiganizo chodukira pakati, chifukwa wofunsa ankatengedwa ngati woukira, ndipo sunkadziwa kuti mnzako wapambali amakanena kuti. Zimenezo zinatha, Zainabu. Tinaponya voti, matipate anabwera, lero anthu akutukwana nduna m'basi. Koma ndikuona anthu akugwiritsa ufuluwu pokangana za zipani zokha, akalowa mu ofesi kapena m'kalasi n'kubwereranso ku "inde bwana". Iwe usatero. Munthu akaima kutsogolo kwako kuti akuphunzitse, uli ndi ufulu wodziwa kuti iyeyo anaphunzitsidwa ndi ndani. Ufunse.

Ndikuuze mmene ine ndinapsera pa nkhani imeneyi. Nditangoyamba ntchito ya zachitukuko paboma pano, anandituma kukonza msonkhano wa asodzi ku Bua wokamba za kachilombo. Ndinali ndi changu ngati ndikasintha boma lonse la Nkhotakota sabata imodzi. Anandipatsa mayina a anthu oti angabwere kudzalankhula, ine ndinasankha a Chikuse chifukwa cha suti ndi Chingerezi. Sindinafunse china chilichonse. Munthu anatsika galimoto, anakana kukhala pa bwato logadamiza limene anamukonzera, anaima ngati pamsonkhano wachipani, n'kuyamba: "Inu asodzi ndi amene mukutha mtundu! Mukapha chambo chiwiri, mwayamba kale kusaka akazi!" Mkulu wina wa mkanjo woyera, amene ankasoka ukonde chapambali, anangoti, "Bwana, ife tinabwera kudzamva za matenda. Ngati ndi mlandu, tiuzeni tikaitane mboni." Anthu anaseka, ananyamuka mmodzimmodzi. Ndinatsala ine, a Chikuse, ndi agalu. Pambuyo pake ndi pamene ndinafufuza. Munthuyo anali wokuwa pamisonkhano ya chipani nthawi yakale, zinthu zitasintha anasintha malaya, wina wake n'kumulowetsa m'bungwe. Maphunziro ake onse a uphungu ndi semina ya kuhotela, yoti theka lake linali tiyi. Sanakhalepo m'chipinda ndi munthu wolira. Ndinataya asodzi a ku Bua kwa nyengo yathunthu chifukwa chosafunsa funso limodzi.

N'chifukwa chake Lachiwiri lapitali, iwe utangonyamuka kupita kwa malume ako, ine ndinakwera matola kulowera ku Lilongwe. Sindinakuuze chifukwa ukanandiletsa. Ndinati mwana wanga sangakataye mwayi wake chifukwa cha mphekesera, komanso sindingamukankhire m'manja mwa anthu amene sindikuwadziwa. Ndipite ndikaone ndekha.

Pa ofesi yawo ndinapeza mtsikana wotayipa. Ndinamuuza kuti ndikufuna kudziwa aphunzitsi akuluakulu a kosiyi, anaphunzira chiyani, kuti, ndipo anagwirapo ntchito yanji. Anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kunsapato.

"Mwachokera ku unduna?"

"Ayi, ndachokera ku Nkhotakota."

"Ndiye mukufunsa ngati ndani?"

"Ngati mayi wa mwana amene mumuphunzitse."

"Iii, amayi, kuno si sukulu ya mkaka."

Ndinati ndidikira. Ndinakhala pabenchi, thumba pamiyendo, mpaka anatopa nane n'kukaitana mkulu wa kosi.

Mkuluyo ndi a Msiska, bambo wamtali wa kumpoto, Chichewa chake ngati cha anzathu a ku Dwangwa. Ndinayembekezera kuti akwiya. Anaseka, n'kunena kuti, "Mama, chiyambire ntchito ino ndinu woyamba kufunsa. Ena amangofunsa ngati kuli alawansi." Anandiyankha zonse osapsa mtima. Iwo anayamba ngati kiliniko ofesala m'zipatala za kumudzi, anagwira nthawi yaitali kuwodi ya chifuwa chachikulu, kenako anapita kunja kukatenga digiri ya uphungu. Ndinawafunsa ngati akadaonabe odwala kapena anangosanduka a choko. Anati tsiku limodzi pa sabata amakhala kuchipatala, chifukwa wophunzitsa uphungu akasiya kukhala ndi anthu amayamba kuphunzitsa nthano. Ameneyo ukamugwire. Amalankhula pang'onopang'ono moti anthu opupuluma ngati ine ndi iwe timafuna kumumalizira mawu, koma udekhe. Ali ndi pepala, ali ndi manja. Ndipo wina asadzakunamize kuti pepala lilibe ntchito, ati nzeru ndi imvi. Imvi zokhazokha ndi zimene zinatsekera mayi ako m'nyumba.

Uku tikucheza, ndinamva mawu pakhonde oti ndikuwadziwa. A Chikuse! Inde, aliko, suti yomweyo. Ndinafunsa a Msiska kuti kodi awa akuphunzitsanso? Anayang'ana kudenga, anakanda chibwano, n'kuti, "Amatsegulira ndi kutsekera mwambo. Amatithandizanso za mayendedwe." Ndinamva. Ndiye iwe ukawaombere m'manja pa tsiku lotsegulira, ukawapatse moni waulemu, koma kope lako likhale lotseka. Si aliyense wokhala kutebulo lakutsogolo amene ali mphunzitsi. Wamva?

Kenako ndinatchula dzina la Mayi Nkhoma. A Msiska anandiuza mbiri yawo monga anachitira ndi ena onse. Atachoka kuno kunyanja anapempha okha kupita kusukulu, ali mayi wamkulu kale, ana awo ali ku sekondale. Anakhala m'kalasi ndi atsikana a msinkhu wako, anatenga dipuloma ya uphungu, anagwira m'chipinda choyezera magazi mumzinda, pansi pa munthu wowayang'anira amene ankamvetsera mmene akulankhulira ndi anthu n'kumawakonza. Mpaka lero, ati, ali ndi mnzawo amene amakhala naye pansi kuunikana ntchito. Phunziro limene amaphunzitsa ndi la kusunga chinsinsi.

Nditamva zimenezo ndinapsa mtima. Chinsinsi! Iwowo! Ndinati ndikufuna kuwaona. Mtima wanga unali utakonza kale mawu, ena oti Msilamu sayenera kutchula.

Ndinawapeza m'kalasi mopanda anthu, akusuntha mipando iwiriiwiri kuti iyang'anizane. Akalamba, Zainabu, afupikirako, avala magalasi. Sindinapereke moni.

"Ndine Halima, wa ku Nkhotakota. Mng'ono wake wa Asiyatu, wa mandasi padoko. Mukumukumbukira?"

Anasiya mpando. Anandiyang'ana, ndipo ndinaona m'maso mwawo kuti dzinalo lafika. Koma anati, "Khalani pansi, mayi. Ku Nkhotakota ndinagwirako ntchito, zoona. Koma za munthu amene ndinamuonapo kuchipatala sindikamba, ngakhale kuvomera kuti ndinamuona."

"Ndine m'bale wake!"

"Ndamva."

"Anamwalira!"

"Pepani kwambiri. Ngakhale choncho."

Ndinamenya tebulo. Ndinati lero ndi pamene mwadziwa kutseka pakamwa? Munali kuti nthawi ija? Ndinawauza zonse, za mafuta, za ufa, za mayi wa usipa. Sanandidule, sanadziteteze, sanalire kuti ndiwamvere chisoni. Nditatha mpweya anati, "Za ine ndekha ndingathe kukuuzani, poti ndi zanga. Ndinagwirapo ntchito imeneyi ndisanaiphunzire. Ndinkauza eni mbumba m'malo mwa eni magazi, ndinkayesa ndi ulemu. Ndinapweteka anthu, ndipo sizingabwezedwe. Ophunzira anga ndimawauza zimenezi tsiku loyamba, kuti adziwe amene waima kutsogolo kwawo."

Ndinafunsa chimene chinkandiopsa kwambiri chifukwa cha iwe. Ndinati, "Ndiye nkhani ya mkulu wanga mumaphunzitsira? Mwana wake adzakhale m'kalasi muno akumva mayi ake akusanduka chitsanzo?"

Anati, "Nkhani ya wodwala si yanga yoti ndiziphunzitsira. Zitsanzo timapeka."

Ndinatuluka osatsanzika, mkwiyo uli tho. Ndinakwera matola. Tinadutsa Salima ndikuwatukwanabe mumtima, mayi wa dengu la tomato atandipanikiza kukhomo. Ndi cha ku Benga kumene zinandifika. Ndinapita kukayesa ngati munthuyu anaphunziradi, ndipo ndinamuyesa ndi chida chachikulu kuposa chimene mphunzitsi aliyense angamuyese nacho: m'bale wa malemu, wolira, wokalipa, wodziwa kale zonse. Chapafupi chinali kunena kuti inde ndikumukumbukira, pepani, ine ndikanazizira. Sanatero. Chimene anamana mayi ako ali moyo, anamupatsa ali m'manda, pamaso panga. Mochedwa, inde. Koma satifiketi ina iliyonse imene a Msiska akanandionetsa sikanandiuza zimene ndinaona ndi maso angawa.

Usandimve molakwa. Sindikuti uwakhululukire. Ine sindinawakhululukire, kaya ndidzatero, Allah ndi amene akudziwa. Sindikuti uwakonde, kapena uziwanyamulira chikwama. Ndikuti ali ndi chinthu chimene boma lino likuchisowa, ndipo iwe ukachitenge. A Msiska akakuphunzitsa zimene mabuku amanena za chinsinsi, ndipo uzimve bwino. Koma mabuku amenewo analembedwa kumene kulibe mwinimbumba. Mayi Nkhoma akudziwa mmene zimakhalira mkulu wa banja akaima pakhomo la chipatala, chipewa m'manja, mwaulemu, n'kunena kuti "mwanayu ndi wanga, ndiuzeni ine". Akudziwa kukoma kwa kumuuza, akudziwanso mtengo wake. Ukakhale kutsogolo m'kalasi mwawo. Osati kumbuyo kokwinyira nkhope. Kutsogolo, ndipo uwafunse mafunso ovuta mpaka atuluke thukuta.

Sindinawauze dzina lako. Ndinangoti mwana wake. Ukafuna kudziulula, ndi zako. Ukafuna kumaliza kosi yonse osanena, ndi zakonso. Ndikukhulupirira kuti ngakhale akuzindikire, poti mphumi imeneyo ndi ya Asiyatu yeniyeni, sadzayamba ndi iwo.

Aphunzitsi ena amene sindinawaone, obwera mwa apo ndi apo, uwayeze wekha. Usachite ngati ine womenya matebulo, iwe uli ndi ulemu wa mayi ako, ugwiritse ntchito. Pa nthawi ya tiyi ungofunsa mofatsa kuti, aphunzitsi, inu munaphunzira kuti zimenezi? Munayamba mwakhalapo ndi munthu amene wangomva kumene? Nanga inuyo zikakulemerani mumapita kwa ndani? Wodziwa ntchito amakondwa ndi mafunso oterewa. Wokwiya nawo wakuyankha kale. Ndipo amene anganene kuti iye sanalakwitsepo, ameneyo sanagwirepo.

Zina ndi zazing'ono. Mapemphero athu a swala usasiye, ngakhale anzako akuseke kuti ukuchedwetsa gulu. Za chakudya unene tsiku loyamba lomwelo kuti ndiwe Msilamu, usadikire kuti akuikire mbale kenako uzichita manyazi. Lilongwe kumazizira kuposa kuno, juzi yanga yobiriwira ndakuikira m'chikwama. Amuna a mumzinda akamva kuti ukuphunzira uphungu adzayamba kubwera ndi mavuto awo madzulo. Uwauze kuti ofesi imatsegula m'mawa. Ndipo usakakhale chete m'kalasi chifukwa ena ndi manesi akale kapena akulankhula Chingerezi chothamanga. Iwe waona zimene ena a iwo anangowerenga.

Ndikudziwa zimene malume ako akukuuza kumeneko. Akuti ukhale, ntchito yokamba za matenda amenewa si ya mtsikana wosakwatiwa, ndipo kukakhala pansi pa mayi uja ndi kunyoza manda a mayi ako. A Sumaili ndi munthu wabwino. Anatilera, anagulitsa ukonde wawo kuti ine ndimalize sukulu, ndipo ndidzawagwadira mpaka imfa. Koma mpaka lero sakuona kuti panalakwika china chilichonse kupatula matendawo. Ukawafunsa adzakuuza kuti anachita zoyenera mwinimbumba, ndipo mawa atapatsidwa nkhani ina yotero adzaisenzanso kupita nayo kwa ankhoswe. Kwa Nkhunga, kwa Mwadzama, ku Bua, alipo a Sumaili ambirimbiri, onse abwino, onse aulemu. M'zipatala zathu zing'onozing'ono akadalimo anthu amene anangouzidwa kuti muziuza anthu zotsatira poti ndinu aakulu pano. Ine ndilibe mtima wodikira kuti zisinthe zokha. Ndikufuna munthu wophunzira bwino, wa kuno, wodziwa kuvala mpango ndi kupereka salamu, akhale m'chipinda chimenecho chaka chamawa. Ukakana iwe, malo ako apatsa mwana wa mlongo wake wa a Chikuse.

Ndiye nyamuka. A Jafali abwerera kuboma kuno m'bandakucha, ndawapempha kuti akutenge pakaliyala. Ukatsanzike malume ako bwinobwino, uwapemphe dua yokudalitsa, akakana upite ndithu, ine ndidzakamba nawo. Undipeza pa depoti ndi chikwama chako.

Ndipo udziwiretu ichi, kuti ukadziwe chimene ukukaphunzira. Ukadzabwerako ndi satifiketi yako, Insha Allah, n'kukhala m'chipinda chako, munthu woyamba kudzakufunsa za magazi a wina sadzakhala mlendo. Adzakhala a Sumaili. Adzabwera ndi ndodo yawo, adzakuitana dzina la paubwana, adzati mdzukulu wawo uje analowa muno dzulo, tandiuza mwana wanga. Kukana mlendo aliyense angathe. Iwe ukaphunzire kukana malume ako uli chogwada, mawu ali ofewa, osawauza kanthu.

Ndine mayi ako aang'ono,
Halima